Botolo la Madzi a Ambuya Linathera Kuti? Kalata kwa Akuluakulu a Mayunivesite a mu Lusaka

Kwa a Vice-Chancellor, akuluakulu oyang'anira kafukufuku, ndi nonse amene mumakonza misonkhano, masemina ndi mawekishopu m'mayunivesite a mumzinda uno,

Zikomo akuluakulu, ndagwada. Kwathu ku Katete mwana sayamba kulankhula pabwalo akulu asanamupatse mpata, koma akulu omwewo amati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mundikhululukire, ndilankhuleko.

Dzina langa simulidziwa, ngakhale ntchito ya miyendo yanga ili m'malipoti a ena mwa inu. Ndine mmodzi wa aja mumawatuma ndi tabuleti m'makomboni kukafunsa mafunso a kafukufuku. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano ndikuyenda mu Kanyama, George, Misisi, Chipata, Ng'ombe, Bauleni ndi muno mu Chawama momwe ndimakhala. Ndawerenga ana m'nyumba za eni, ndafunsa amayi zimene anadya dzulo, ndasuzumira m'zimbudzi zambiri kuposa momwe munthu angafunire m'moyo wake wonse. Digiri ndili nayo. Yachiwiri ndinaiyamba, inaima panjira ndalama zitatha. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti wolemba kalatayi sadana ndi sukulu. Ndimaikonda, ndipo mwina n'chifukwa chake zimene ndinaona zinandiwawa.

Posachedwapa yunivesite ina inachititsa msonkhano wofotokoza zotsatira za kafukufuku wa madzi ndi ukhondo, pa hotela ina yaikulu m'tauni. Anandiitana kuti ndikakhale pa tebulo la pakhomo, kulembetsa mayina ndi kugawa zolembera. Alendo atalowa onse ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi tebulo la tiyi. Wolankhula wachitatu anaonetsa mapu pakhoma, odzaza timadontho, tina tobiriwira, tambiri tofiira. Kadontho kalikonse kanali chitsime. Anthu m'holo anaona timadontho, ine ndinaona makomo amene ndinagogoda. Kamodzi kofiira, kumunsi chakumanzere, ndinakazindikira msanga chifukwa kali pamene msewu umakhota kuseri kwa tchalitchi. Ndi chitsime cha ambuya ena a ku Kanyama.

Ndinafika pakhomo pawo mu Januwale 2024, kolera ili pachimake. Mukukumbukira nyengo imeneyo. Matenda anayamba mu Okutobala 2023, odwala anachuluka mpaka boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale zinadikira mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo anthu opitirira 700 anamwalira m'dziko muno. Ambuyawo anali atangoika mdzukulu. Anandipatsabe mpando. Ndinawawerengera pepala la chilolezo, lomwe ndinalimasulira ndekha kuchokera ku Chingerezi, ndipo munali mzere wakuti zotsatira za kafukufukuyu zidzabwera kwa anthu a m'derali. Anadinda chala. Nditatunga madzi m'botolo langa, anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Iwe mwana, mukakapima mudzabwera kudzandiuza ngati madziwa ndi abwino?" Ndinati inde ambuya, tidzabwera.

Sitinabwere. Pulojekiti inatha, tabuleti tinabweza, ine ndinapita kukafunsa za njira zolerera ku komboni ina. Yankho la funso la ambuya ndinadzalipeza pakhoma la hotela, patadutsa nthawi yoposa chaka, pakati pa anthu amene amamwa madzi a m'mabotolo osindikizidwa. Nthawi ya mafunso ndinakweza dzanja. Maikolofoni inazungulira mizere iwiri yakutsogolo, kenaka wapampando anati nthawi yatha, chakudya chikuzizira.

Sindikunena kuti kafukufukuyo anali wabodza. Anali wabwino kwambiri, ndipo ndinaphunzirapo chinthu chimene zaka zonsezi ndinkangochiganizira. Wolankhulayo anafotokoza chifukwa chake kolera imakonda mbali ya kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda. Ndikufotokozereni momwe ndinamvera, m'chinenero chathu, muone ngati chikusowapo kanthu. Pansi pa Kanyama pali mwala wa mtundu wa laimu, umene madzi amausungunula pang'onopang'ono mpaka umakhala ndi ming'alu ndi mphako ngati chisa cha chiswe. Dothi pamwamba pake ndi lochepa, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Kumalo kwa dothi lakuya, zonyansa za m'chimbudzi zimasefedwa zisanafike kumadzi. Kuno zimangolowa m'ming'alu n'kuyenda msanga. Mvula ikagwa, madzi a pansi amakwera, amakumana ndi za m'maenje a zimbudzi, ndipo chitsime cha munthu waukhondo chimalandira za chimbudzi cha munthu amene sanamuonepo. Ndiye kuti ambuya akhoza kusesa pakhomo katatu patsiku, kuvundikira ndowa, kusambitsa ana m'manja, koma madzi awo n'kukhalabe oipa.

Nkhani yonseyi inatenga mphindi khumi. Ikanatha kukambidwa pansi pa mtengo. Ndipo ikanachotsa manyazi amene anthu a ku Kanyama amasenza chaka ndi chaka, pomwe ena amawaloza chala kuti kolera ndi matenda a anthu auve. Chimenecho ndicho ndikukupemphani, akuluakulu: zimene mumatunga m'makomboni muzibwera nazo komweko, mudzazinene pamaso pa eni ake, m'chinenero chimene anakuyankhirani.

Ndikudziwa yankho limene ena a inu muli nalo kale, chifukwa ndalimva kambirimbiri: Chinyanja chilibe mawu a sayansi. Pamenepa mundilole ndichedwepo, pakuti kumasulira ndiyo ntchito yanga. Mafunso anu amabwera m'Chingerezi, ndipo amene amawasandutsa kuti amveke pakhomo la munthu ndife. Funso likamati anthu a nyumba imodzi ndi angati, ife timadziwa kuti pa puloti imodzi mu Misisi pangakhale mabanja asanu ndi atatu, chimbudzi chimodzi, ndi landilodi amene amakhala kwina, ndiye timafunsa kuti, "Amene mumadyera mphika umodzi ndinu angati?" Mukatipatsa mayankho asanu aja akuti ndikuvomera kwambiri, ndikuvomera pang'ono, ndili pakati, agogo amatiyang'ana n'kunena kuti, "Ngati ndavomera ndavomera, kwambiri n'kutani?" Ndiye timatola timiyala tisanu, kapena timafunsa za ndowa yodzaza ndi yatheka. Mawu akuti kusintha kwa nyengo nawonso amavuta, chifukwa nyengo imasintha chaka chilichonse, dzinja, masika, chisanu, chilimwe. Mlimi wa ku Chongwe amamva bwino mukati mvula yasiya kusunga pangano lake. Ntchito yonseyi timaichita tsiku ndi tsiku kuti mafunso anu alowe. Zikutheka bwanji kuti chinenero chokwanira kufunsira chikhale chosakwanira kuyankhira?

Komanso ambiri a inu munakulira m'zinenero zomwezi. Ndamvapo pulofesa wina akukalipira dalaivala wa pulojekiti m'Chinyanja chomveka bwino, cha miyambi, chopanda n'kamodzi komwe kukhosomola. Ataima pa maikolofoni chinamuthawa. Dziko lathu linasankha zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, ndipo ZNBC imaulutsa nkhani m'zinenero zimenezi. Mlaliki amafotokoza za Utatu Woyera m'Chinyanja Lamulungu lililonse, ndipo imeneyo si nkhani yapafupi kuposa ya mwala wa laimu.

Pali chifukwa china chimene inu a m'maofesi simuchimva pakhungu monga ife. Munthu amene amangofunsidwa koma osauzidwa kanthu amadzipezera yekha yankho. Amene tagwirapo kafukufuku wotenga magazi tikudziwa mawu amene amatitsata m'njira: asatana abwera. Kumayambiriro kwa 2020, pa nthawi ya mphekesera ndi mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongokhala achilendo m'dera. Masiku amenewo tinkaopa kunyamula chikwama. Chimene chimatiteteza m'komboni si kalata ya chidindo chanu. Ndi amayi a m'komiti ya zaumoyo ya m'dera amene amati, "Asiyeni awa, tikuwadziwa." Nthawi iliyonse imene gulu la kafukufuku lalonjeza kubwera koma osabwera, amayi amenewo amachita manyazi pamaso pa anzawo, ndipo gulu lotsatira limapeza zitseko zolimba. Mlendo ndi mame, inde, koma ife otumidwa sitikamuka dzuwa likatuluka. Timakwera nawo basi imodzi, timagula nawo tomato ku msika wa Soweto.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo m'mbiri yanu. Pamene dziko lino linkalandira ufulu mu 1964, anthu akuda okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesite ya Zambia inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1965 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1966, ndipo makolo athu amasimba momwe anthu wamba anasonkhera, wina ndalama zochepa, wina nkhuku, wina mbuzi, kuti imangidwe. Anthu amene sanalowepo m'kalasi anasonkhera nyumba ya maphunziro apamwamba. Oyambitsa ake anadziwa ngongole imeneyo. Kuyambira pachiyambi panali nthambi yopititsa maphunziro kwa anthu a kunja kwa mpanda, imene Lalage Bown anaitsogolera, ndipo inali ndi aphunzitsi okhala m'zigawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunali Chikwakwa Theatre, dzina la chida chathu chotchetchera udzu, ndipo ophunzira ankapita ndi masewero m'zigawo, m'zinenero za komweko. Chiboliboli cha Henry Tayali chimene chili pa Great East Road Campus chikuonetsa womaliza maphunziro atagwira buku dzanja lina, khasu dzanja lina. Ambiri timajambulitsa pamenepo tsiku lovala gauni. Za khasulo sitifunsana.

Ngakhale mwa ofufuza ochokera kunja alipo amene anaonetsa njira. Elizabeth Colson anayamba mu 1956, pamodzi ndi Thayer Scudder, kutsata moyo wa Atonga a ku Gwembe amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba, anthu pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za Zambezi. Anabwererako kwa zaka makumi ambiri, kwa mabanja omwewo, ana ndi adzukulu awo, ndipo anamwalirira ku Monze mu 2016. Sindikuti aliyense asamukire kumene anafunsa mafunso. Ndikungoti kubwerera n'kotheka.

Tsopano za nkhani za dziko lonse lapansi, zimene mumakonda kuitanira alendo. Ndimapitako ndikapeza mpata, ndipo zina zimandithandiza. Koma kawirikawiri zimakambidwa ngati zikuchitikira kutali, pomwe ife tikuzidya ndi nsima. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni chitauma m'munda. Gwero lake linali El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kutali koti palibe wa mu Chawama anafikako. Madzi atachepa ku Kariba, makina opanga magetsi a kumpoto kwa damulo, amene amatha kupereka 1,080 MW, anatsala pang'ono kuima, ndipo masiku ena malaiti ankabwera maola atatu okha, mwinanso usiku anthu ali mtulo. Wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga, wometa, mayi wogulitsa nkhuku za mufiriji, onse anaphunzira za El Niño m'thumba. Malasha anakwera mtengo, mitengo inagwa yambiri kumidzi. Nthawi yomweyo ndinalandira uthenga wondiitanira ku semina ya pa Zoom yokamba za kupirira pa kusintha kwa nyengo. Foni inali itazima kuyambira m'mawa. Ndinauona uthengawo semina itatha.

Ya ngongole ndi chimodzimodzi. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa Eurobond, ngongole imene boma linatenga pa misika ya ndalama ya kunja, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa motero m'nthawi ya Covid-19. Mu Juni 2023 ku Paris kunamveka za mgwirizano wokonzanso ngongole ya madola 6.3 biliyoni ndi maiko amene anatikongoza. Akatswiri anu a zachuma anakambirana zimenezi m'maholo ambiri, ndipo anachita bwino. Koma mayi wa pa kantemba amene amaona mtengo wa saladi, mafuta ophikira aja, ukusintha kwacha ikagwa, ndani anamufotokozera kuti chingwe chochokera ku Paris chimafika bwanji pa botolo lake? Nkhani ya ngongole amaidziwa bwino kuposa ambiri a ife. Amadziwa kaloba, amadziwa chilimba, amadziwa tanthauzo la kupempha wokukongoza kuti akutalikitsire masiku. Mphunzitsi wa zachuma amene angayambire pamenepo adzapeza holo yodzaza ndi mafunso akuthwa kuposa a m'kalasi mwake. Pakali pano anthu amamva zinthuzi kwa andale ndi pa WhatsApp, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndisanaiwale, mawayilesi alipo. UNZA Radio ilipo, Komboni Radio ilipo, Radio 1 ya ZNBC ilipo. Ola limodzi pa sabata, wofufuza mmodzi, mafoni otsegula. Sizifuna hotela.

Mbali ina ya kalatayi ndi ya ana anu enieni, ophunzira amene mumawaitanira ku mawekishopu a momwe munthu angakhalire wofufuza kapena mphunzitsi wa pa yunivesite. Ndakhalapo pa angapo. Amayenda mofanana: wamkulu wina amasimba momwe anavutikira, momwe anapitira kunja, momwe anabwerera, kenaka amati limbikirani, lembani, sindikizani. Timaomba m'manja, timajambulitsa, timalandira satifiketi. Ulendo wake timaulemekeza. Koma iye anakwera pa nthawi imene yunivesite inkasankha ophunzira ochita bwino n'kuwatumiza yokha kukaphunzira kuti adzabwere kudzaphunzitsa. Mwana wa lero akufuna kumva zina, ndipo ndi zazing'ono zomwe munthu mmodzi woona mtima angazinene m'masana amodzi.

Muuzeni kuti malo a ntchito yokhazikika ndi ochepa, ndi kuti ambiri amayamba ndi kuphunzitsa kwa maola, malipiro ake osadziwika tsiku lobwera. Adziwe asanasiye ntchito ina. Muuzeni kuti magazini ambiri a akatswiri amalipiritsa wolemba madola mazana kapena masauzande kuti nkhani yake iwerengedwe ulere, koma kuti ena mwa iwo amachotsa kapena kuchepetsa mtengowo kwa olemba a m'maiko ngati lathu, munthu akapempha. Ine ndinadziwa zimenezi mochedwa, kwa mnzanga, mu basi. Mumuonetse Research4Life, njira imene mayunivesite ndi zipatala za kuno zimawerengera magazini ambiri osalipira, ndi African Journals Online, kumene kuli ntchito za anzathu a mu Africa. Mumuchenjeze za aja amatumiza imelo yomutamanda kuti ndi katswiri wotchuka, n'kulonjeza kusindikiza nkhani yake m'masiku atatu akangotumiza ndalama. Ndikudziwa mnyamata amene anagulitsa laputopu kuti alipire oterowo, ndipo pofunsira ntchito anauzidwa kuti pepalalo silikuwerengedwa. Safunsa anadya phula, koma iyeyu akanafunsa ndani?

Za maphunziro akunja musangotchula mayina. Chevening, thandizo la maphunziro la ku Britain, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza a ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Pali Commonwealth, Fulbright, DAAD ya ku Germany, MEXT ya ku Japan, Rhodes ya ku Oxford, iliyonse ndi nyengo yake ndi zofuna zake. Mwana wa ku Kabulonga ali ndi azakhali amene anadutsamo, amamukonzera kalata. Mwana wa ku Chibolya alibe. Wekishopu yothandiza ndi imene aliyense amabwera ndi kalata yake, wina n'kukhala naye pansi ndi cholembera chofiira. Muwauzenso kuti kafukufuku wa zaumoyo amafuna chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa komanso cha National Health Research Authority, malinga ndi lamulo la 2013, ndi kuti zimenezi zimatenga nthawi ndi ndalama zimene wophunzira wodzilipirira ayenera kuziwerengera. Ndipo wina alimbe mtima anene poyera zimene ophunzira amanong'onezana: wophunzira achite chiyani woyang'anira wake akasunga chaputala miyezi isanu ndi umodzi osachiwerenga, ndipo mtsikana akadandaule kwa yani akauzidwa kuti chaputalacho abwere nacho kunyumba madzulo. Pa mawekishopu onse amene ndinakhalapo, zimenezi sizinatchulidwepo.

Palinso nkhani ya mayina. Ife ofunsa mafunso timathera m'kandime kothokoza kumapeto kwa pepala, nthawi zina ngati gulu chabe, opanda dzina. Sindikunena kuti aliyense wonyamula tabuleti akhale mlembi. Koma amene anamasulira mafunso, amene anakuuzani kuti funso lachisanu ndi chiwiri anthu akulimva molakwika, amene anakufotokozerani chifukwa chake amayi a m'dera lina onse anayankha mofanana, ameneyo waikapo nzeru, osati miyendo yokha. Mwambo womusiya kunja ndi wakale. Rhodes-Livingstone Institute, nyumba ya kafukufuku wa za moyo wa anthu imene lero ndi INESOR ya pa Yunivesite ya Zambia, inatchuka dziko lonse lapansi ndi mayina a Godfrey Wilson ndi Max Gluckman, pomwe Aafirika amene ankayenda m'midzi ndi m'migodi kufunsa ndi kumasulira sakumbukika kawirikawiri. Chondidabwitsa n'chakuti ena a inu mumadandaula, ndipo mumadandaula zoona, kuti anzanu a ku Ulaya ndi America amakuikani pakati pa mndandanda wa alembi pomwe ntchito yaikulu munagwira ndinu. Zimene zimakuwawani kumtunda mumatichitira ife kumunsi.

Ndikudziwa kuti si zonse zili m'manja mwanu. Ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, ndipo mwini ndalama ndiye amanena kuti msonkhano uchitikire kuti ndi kuti aitanidwe ndani. Tinaona kuopsa kwake mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja: anzanga ambiri analandira uthenga pa foni kuti mawa asapite kuntchito, mafunso ali pakati. Atsogoleri a Africa anagwirizana ku Lagos mu 1980 kuti maiko azipatula gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chawo cha pachaka kupita ku sayansi ndi kafukufuku, ndipo ife tikadali kutali nalo. Imeneyo ndi nkhondo yanu ndi a Unduna ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo muimenye. Koma taganizani: phungu angavotere bwanji ndalama za kafukufuku pomwe anthu amene anamusankha sanaonepo phindu lake ndi maso? Amene angakuthandizeni kukuwa ndi omwewo mukuwasiya kunja kwa geti la hotela.

Wina adzati anthu a m'komboni sabwera pamsonkhano wopanda alawansi. Pamenepa tisanamizane, matendawa tonse tili nawo. Ndaona akuluakulu a matayi akusaina pepala la alawansi m'mawa n'kusowa tiyi atangotha. Inenso ndinapitapo ku wekishopu ina chifukwa cha envulopu, sindikana, lendi inali itakwana. Chizolowezicho chinabwera ndi mapulojekiti, sanachiyambitse ambuya a ku Kanyama. Koma anthu omwewo amakhala maola anayi m'tchalitchi popanda wowalipira, amadzaza msonkhano wa makolo kusukulu, amagona pamaliro. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukawauza kuti tabwera ndi yankho la madzi amene tinatunga pachitsime panu, mipando idzachepa.

Mtengo wa tiyi ndi chakudya cha tsiku limodzi pa hotela ungalipire holo ya sukulu kapena ya tchalitchi kangapo. Ndiye pemphani eni ndalama, polemba pempho lenilenilo, kuti muikemo mzere wa kubwerera kwa anthu, ndipo komiti yopereka chilolezo isatseke fayilo ya kafukufuku mpaka itaona umboni kuti ofufuza anabwereradi. Pokweza munthu paudindo muziwerengako ndi zimenezi, chifukwa mphunzitsi wanzeru sataya Loweruka lake pa chinthu chimene sichimuwerengedwa. Mukabwera, mubwere ndi khansala ndi a komiti ya chitukuko ya wadi, pakuti mu 2022 ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo anthu amene amasankha ntchito zogwiritsira ndalamazo ndi amene akufunika kuona mapu a timadontho tofiira aja. Womasulira musavutike kumufuna. Tilipo ambiri, ndipo manambala athu muli nawo, mumatiimbira pulojekiti ikayamba.

Loweruka lapitali ndinakwera basi kupita ku Kanyama. Palibe anandituma, ndipo mwina ndaphwanya lamulo lina la pulojekiti, mudzandiuza. Ambuya ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anandizindikira ndisanadzitchule. Ndinagwada n'kuwauza kuti madzi aja anapezeka ndi tizilombo ta m'chimbudzi, ndipo ndinawafotokozera za mwala wa ming'alu monga ndafotokozera pamwambapa. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'lichero.

Kenaka anati, "Kuti madzi ndi oipa tinkadziwa, mwanawe. Taika ana angati? Timathira klorini ikapezeka, timagula a pa kiosiki ndalama ikakhalapo ndiponso pampopi pakatuluka madzi. Za mwalazo ndiye sindinkadziwa, ndinkayesa ndife auve monga amanenera. Koma ine ndinkafuna aja anapima abwere okha adzanene zimenezi pamaso pa khansala. Ine ndikanena amati ndi nkhalamba yolongolola. Iwo ali ndi mapepala."

Anandiuza kuti holo ya tchalitchi chawo imakhala yopanda anthu Loweruka masana kwaya ikatha, ndipo abusa sangakane. Mabenchi alipo okwanira, pulojekita sidzafunika chifukwa malaiti sadalirika, mapuwo mungawasindikize papepala lalikulu. Ndinawauza kuti ndikulemberani kalata. Anandifunsa kuti ndilemba m'chinenero chanji, ndinati chathu chomwechi. Anaseka pang'ono, n'kufunsa ngati akuluakulu a ku yunivesite mumawerenga Chinyanja.

Ndinawalonjeza kuti ndikamva yankho ndidzabwera kudzawauza.

Ine mwana wanu,
Wofunsa mafunso a kafukufuku,
Chawama, Lusaka